Chingwe cha Mfundo Zitatu

"Munthu wamoyo sindimuyeza ine," atate anatelo. "Ndanena kawili tsopano, a Ng'oma."

"Koma si bokosi la malilo ili, bambo. Ndi pogona chabe. Bedi ya pamwamba pa galimoto."

"Ili ndi chivundikilo bedi yanuyo?"

"Ili nacho."

"Ndipo mugonamo chagada, mutu uku mapazi uku."

"Nanga munthu amagona bwanji, bambo?"

"Ndiye mwadziyankha nokha."

Ine ndinali chiimile pakhomo pa shedi ndi ketulo ya tiyi, ndipo chogwilila chake chinali chitayamba kundiwotcha zala. Munali mu Okutobala, chaka cha 1974, kwathu ku Petauke. Ndinali nditamaliza Fomu Faifi chaka cham'mbuyo, ndipo kuchokela pamenepo ntchito yanga inali kudikila basi. Ndinkadikila kalata ya ku koleji ya aphunzitsi imene sinabwele, ndinkadikila mvula, koma makamaka ndinkadikila kuti Febian Ng'oma atsegule pakamwa.

Febian anali dalaivala wa Landilova ya boma, ya anthu oona za kashembe, ntchentche zija zimene zimapha ng'ombe. Anali ndi mpata pakati pa mano, ndipo manja ake ankanunkha petulo ngakhale Lamulungu. Kwa chaka chathunthu ankabwela pabwalo pathu ndi zifukwa zosamveka: lelo nkhwangwa yoti anole, mailo botolo la uchi lakuti lamuchulukila. Ankakhala pa benchi, kundiyang'ana, kenako n'kuyamba kufotokozela atate za matayala. Dzina lake ndinali nditalilemba kumbuyo kwa makope anga onse akale, mpaka kope la masamu.

Tsopano anali atatumidwa kuchigwa cha Luangwa, kupitilila kwa Sandwe, miyezi isanu ndi umodzi. Mvula ikangogwa misewu ya kumeneko imatsekeka, munthu satuluka mpaka Epulo. Ndinkafuna anditenge. Ndinkafuna apite kwa atate, anene mawu amene amuna amanena, ndikwele Landilova ija ngati mkazi wake mvula isanagwe. Zimenezi sindinauze munthu aliyense.

Kuchigwako kugona pansi kunali kudzipeleka kwa afisi ndi mikango. Mzungu wina wopima malo anali atasiya tenti yake yomangilila padenga la galimoto. Nsalu yake ndi nthiti zake zachitsulo zinali bwinobwino, koma bokosi limene tentiyo inkapindidwilamo linali litadyedwa ndi chiswe. Febian ankafuna latsopano, lokwana iye, ndipo kalipentala amene ankamukhulupilila anali mmodzi.

Atate anga, a Josiah Daka, anayamba ndi matebulo ndi zitseko, koma anthu a paboma anawazolowela pa mabokosi a malilo, mpaka munthu wofuna mpando ankachita manyazi kuoneka akulowa pabwalo pathu. Lamulo lawo linali limodzi. Tepi ndi ya matabwa. Munthu amayezedwa ndi chingwe, atasiya kupuma, ndipo chingwecho chimapita naye m'manda.

Anakangana mpaka tiyi anazilala. Pomaliza atate ananena kuti ngati wina awabweletsela miyeso adzadula matabwa osafunsa kumene yachoka, ndipo ananyamula sowo yawo kupita kukanola kuseli kwa nyumba. Febian anatsala akukanda m'mutu. Ine kuleza mtima kunali kutandithela kale. Ndinaika ketulo pansi, n'kuchotsa chingwe cha khonje pa msomali.

"Gonani apo," ndinatelo.

"Ee, a Fomu Faifi ayamba ukalipentala."

Anagona pa matabwa akuseka, n'kupingasa manja pachifuwa, n'kutseka maso kuti andiopseze. Ndinagwilitsa nsonga ya chingwe pa chidendene chake, n'kukoka mpaka pamutu, n'kumanga mfundo. Nkhuku zimene zinkapalasa mu utuchi zinatuluka zonse, imodziimodzi. Nyenje za mumtengo wa mango zinasiya kulila. Sindinganame kuti ndinaopa. Ndinali wotanganidwa ndi kuona kutalika kwa nsidze zake. Kuchokela pa mfundo yoyambayo ndinayeza mapewa ake, phewa ili mpaka ilo, n'kumanga yachiwili. Ali chitsinzinile anandiuza kuti bokosilo likhale lopapatiza, la munthu mmodzi, kuti lisalemele denga. Nsalu yotsala azidzapinda.

Ndinati ndikadulile chingwe kuseli kwa shedi. Kumeneko ndinaika mfundo yachiwili ija pa phewa langa lamanzele, n'kukokela mpaka lamanja, n'kumanga yachitatu. Mtima unkandigunda ngati ndaba shuga.

Atate anatambasula chingwecho pa benchi n'kuyamba kulemba ndi pensulo. Atafika pa mfundo yachitatu anaima nthawi yaitali. Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso mfundoyo.

"Ali ndi mapewa aakulu a Ng'oma," anatelo.

Atatha kulemba anandikankhila chingwecho ndi nsonga ya pensulo, osachigwila, nati ndichichotse m'shedi mwawo chifukwa sadziwa kumene chingwe cha munthu wamoyo chimasungidwa. Ine ndinkadziwa. Ndinachikulunga m'chiuno, mkati mwa delesi, pamene atsikana ena amavala mikanda.

Bokosi linatha m'masiku anayi. Matabwa opepuka kunalibe nthawi imeneyo, monga kunalibe sopo ndi mafuta ophikila, choncho atate anagwilitsa ntchito mukwa. Linatuluka lofiilila, losalala, lokongola moti munthu sukanafuna kuliyang'ana kawili. Febian analizungulila, n'kuona kukula kwake, n'kutsegula pakamwa. Ndinasiya kupuma. Anafunsa ngati mahinjesi ali ndi gilizi.

Tsiku lolikweza Landilova inaima pakati pa bwalo. Padenga panali kale kaliyala wachitsulo wa miyendo isanu ndi umodzi, yogwila m'mphepete mwa denga. Atate anayala zidutswa za tayala lakale pa zitsulo zopingasa kuti thabwa lisakhulane ndi chitsulo, n'kuboola mabowo asanu ndi atatu pansi pa bokosi. Tinaitana amuna asanu ndi mmodzi a kumsika kuti athandize kunyamula. Anabwela akuchita phokoso, akunyozana za mpila. Koma atangoligwila, popanda wowauza, anaima atatu uku atatu uku, n'kuliika pamapewa. Phokoso linatha. Mapazi awo anayamba kuyendela pamodzi. Mmodzi anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, kenako anadzizindikila n'kutsokomola. Atalikankhila padenga, wamkulu wawo anapukuta manja pa buluku nafunsa atate ngati ali otsimikiza kuti mulibe kanthu, poti kulemela kumeneko si kwa matabwa okha. 

Mabauti ankalowela mkati mwa bokosi n'kutulukila pansi pa zitsulo, ndiye pankafunika munthu wogona mkatimo kugwila mitu yake ndi sipanala, atate akumanga manati ali chiimile pa dilamu. Febian anakwela n'kugona. Utuchi unkamugwela kumaso, choncho anatseka maso. Pofika pa mabauti awili omaliza atate anati chivundikilo chitsekedwe kuti aone ngati sichinapotoke, ndipo anachitsitsa pang'onopang'ono ndi manja awili, mmene amachitila nthawi zonse.

Ine ndinali patsinde pa mango ndikulila. M'mawa umenewo Febian anali atanena kuti anyamuka mailo, adzadutsila kwa amayi ake kukatsanzika, ndipo atanena zimenezo anayamba kukamba za zigubu za petulo. Ndikupukuta misozi ndinaona bambo wina pa mpanda, atagwila njinga yokhala ndi thumba la mchele. Sindinkamudziwa. Anayang'ana padenga la Landilova, n'kuyang'ana atate, n'kuyang'ana ine. Anavula chipewa. Kenako anatembenuza njinga n'kupita mofulumila. Pambuyo pake ndinadziwa kuti anali a Vitalis, a m'mudzi wa Febian, ndipo kuti madzulo omwewo anakweza njinga yawo pa lole ya thonje yopita kwa Sandwe, kumene kuli mudziwo.

Atate anati ntchito yawo saisiya isanayesedwe ndi msewu. Apita nawo mpaka kumudziko, adzabwelela pa lole. Ine ndinati pafunika wogwila chikwama cha zida. Ndinkayembekeza kukanidwa, koma anangoti nditenge nsapato zolimba. Tikulongedza katundu ndinaona Febian akukweza m'bokosi muja mabulangeti awili atsopano, akadali m'mapepala a kusitolo. Kuchigwa kumatentha moti munthu amagona osafunda. Mabulangeti awili a chiyani? Ndinalifunsa funsoli mumtima kuchokela pageti pathu mpaka kumene msewu wabwino unathela.

Tinanyamuka kutacha. Bokosi linapangitsa galimoto kulemela kumutu, moti pa bampu iliyonse inkapendama ngati ikufuna kugona, ndipo Febian ankayendetsa pang'onopang'ono. Ine ndinali pakati, atate kuzenela. Ndinkalota ndili maso: ndikudzuka m'mawa pamwamba paja, ndikutsegula nsalu, njovu zikudutsa pansi, ine ndikupesa tsitsi osafulumila, ndipo Febian akuwilitsa tiyi pa mbaula n'kumandiitana dzina lina, osati a Fomu Faifi.

Titalowa m'tchile nthambi zinayamba kukwapula denga, zina n'kuthyoka n'kukodwa pa kaliyala. Sitinadziwe kuti tanyamula masamba aawisi mbali zonse ziwili. Choyamba chimene ndinaona chinali mayi wina wosenza mtolo wa nkhuni. Anautula n'kugwada m'mphepete mwa msewu. Kenako bambo wa panjinga anatsika n'kuvula chipewa. Pasukulu ina ana anali pamzele akuimba pansi pa mbendela. Mphunzitsi anakweza dzanja, nyimbo inaduka, ndipo ana onse anawelamitsa mitu mpaka titadutsa. Febian anati anthu a kuno amalemekeza nambala ya boma. Palibe amene anaseka.

Pa geti la kashembe, pamene mlonda amazungulila galimoto iliyonse ndi kaukonde kake kufunafuna ntchentche, mlondayo anatuluka m'kanyumba kake, n'kuona bokosi, n'kuona atate pazenela. Anatsegula geti osayang'ana dalaivala, chipewa chili pachifuwa.

Kugogoda kunayamba titadutsa getilo. Katatu, kenako zii, kenako katatu, pamwamba penipeni pa mitu yathu. Febian anaimika galimoto. Atate anakwela, anayesa manati onse asanu ndi atatu, anagwedeza makwelelo a tentiyo, anayang'ana mahinjesi. Zonse zinali zolimba. Anachotsa masamba aja mwakachetechete n'kuwataya kutali. Titayenda mtunda pang'ono ena anali atakodwanso, ndipo kugogoda kunabwelela. Chingwe cha m'chiuno mwanga chinali chitanyowa ndi thukuta ndipo chinkandithina kuposa m'mawa.

Dzuwa lili pamutu tinafika pa kamtsinje kouma, ka mchenga wokhawokha. Pakati penipeni injini inazima. Febian anayesa kuiliza kanayi. Anatsegula boneti, anapemelela apa, anagogoda apo, nati ndi fumbi chabe. Inakana. Kunalibe mphepo, kunalibe mbalame.  Atate anatsika, anaika chikhatho pambali pa bokosi, nalankhula motsitsa mawu, mmene amalankhulila akamapeleka malilo kutali.

"Pano tiwoloka mtsinje. Musatsale. Tikupita kwanu."

Febian anapotoza kiyi, injini inalila. Anati fumbi lija lachoka lokha. Koma ndinaona kuti kuchokela pamenepo ankagwila chiwongolelo ndi manja awili, ndipo za matayala sanakambenso.

Polowela m'mudzi wa kwao panali nthambi zoyalidwa pamsewu. Febian anachepetsa liwilo nafunsa kuti kaya wafa ndani, mwina agogo ena a kumapeto amene ankadwala chifuwa. Tinadutsa nyumba zotseka, nkhokwe, mtengo waukulu pamene amuna anakhala pansi mizele iwili. Katundu wa m'nyumba ina anali atatulutsidwa panja, ndipo Febian anayang'anitsitsa mpando wina wobiliwila umene anagulila amayi ake ndi malipilo ake oyamba. Pamenepo akazi anaona bokosi padenga, ndipo kulila kunakwela kuchokela m'nyumbamo ndi pakhonde ponse. Ankatchula dzina. Dzinalo linali la Febian, amene anakhala pambali panga.

Anatsegula chitseko n'kutsika. Kulila kunaduka pakatikati, ngati wina wazimitsa wailesi. Palibe amene anathawa. Zikanakhala bwino akanathawa. Onse anangotsitsa maso pansi, amuna ndi akazi, ndipo amayi ake, amene anali atatuluka atagwilidwa mikono ndi akazi awili, anatembenuka n'kuyang'ana khoma.

"Amama, ndine," Febian anatelo. "Ndabwela kudzatsanzika chabe."

Amayiwo anauza mkazi amene anali pambali pawo, osati iye, kuti mawuwo awamva, koma mwana amene walilidwa kale ndipo dzenje lake lili chitsegukile sangamuyang'ane. Akamuona manje, ndiye kuti amuona komaliza.

Kuchokela kumbuyo kwa nyumba kunabwela bambo wamfupi, dothi lofiila lili mpaka m'mawondo, khasu la mpini waufupi lili paphewa. Anali a Eustace, mkulu wa adzukulu, anthu a mtundu wina amene amakumba manda a banjali ndipo ali ndi ufulu wonyoza ofedwa ngakhale misozi ili m'maso. Anayang'ana Febian kuyambila kumapazi, koma analankhula kwa atate.

"Malemu abwela akudziyendetsa okha. Atipeputsila ntchito."

Febian anawagwila mkono nati a Eustace asiye zoseweletsa, iye ali moyo, a Vitalis anaona molakwa. A Vitalis anali pamenepo, chipewa chili m'manja, akuuza dothi kuti iwo anaona ndi maso awo: bwalo la a Daka, munthu chagada maso otseka, chivundikilo chikutsika, mtsikana akulila pansi pa mango. A Eustace anachotsa dzanja la Febian mofatsa ngati akuchotsa tsamba, napempha atate kuti auze malemu kuti adzukulu salankhula nawo dzenje lisanatsekedwe.

Ndiye Febian anaganiza zowaonetsa. Anakwela makwelelo, anamasula zokowela ziwili, n'kukankha chivundikilo. Nthiti zachitsulo zinadzuka zokha, nsalu inatambasuka ikupuma ngati munthu amene wagona nthawi yaitali, ndipo padenga la Landilova panaima kanyumba kobiliwila, khomo lake lakuda lili chitsegukile. Ine ndinali nditalota kanyumba kameneka masiku anayi. Pamenepo, dzuwa likuswa mtengo, anthu mazana awili ali chete, sindinafune kukayang'ana. Akazi a kutsogolo anakokela ana awo kumbuyo.

A Eustace anaika khasu pansi n'kukwela. Analowetsa mutu m'khomo muja, n'kukhala choncho kanthawi. Potsika nkhope yawo inali itasintha.

"Mabulangeti awili," anatelo. "Malo a anthu awili."

Febian anapukuta manja pa buluku. Anayang'ana kumene ndinaima, n'kuyang'ana atate, ndipo ndinaona pakamwa pake pakutseguka mwa mtundu wina, osati mwa matayala.

"Bulangeti linalo, bambo, ndinagulila..."

"Malemu salankhula," a Eustace anatelo, osatembenuka n'komwe.

Chaka chathunthu ndinadikila pakamwa pamenepo, ndipo tsiku limene panatseguka munthu wake anali wakufa.

Tinapita kumanda tonse. Febian ankayenda yekha patsogolo, ndipo anthu ankalambalala mapazi ake pafumbi kuti asapondemo. Manda anali m'kankhalango kozizila, kamene mitengo yake siidulidwa. Dzenje linali pamenepo, dothi lofiila litaunjikidwa mbali imodzi.  Linali lalikulu m'mbali. A Vitalis anali atasonyeza adzukulu kukula kwa bokosi ndi mikono yawo, ndipo adzukuluwo anakumba kuyambila mbandakucha akudandaula kuti mwana wa eni ake wanenepa bwanji ku boma.

A Eustace anafotokoza, akuyang'ana atate, zimene aliyense pamenepo ankadziwa kale. Dzenje lokumbidwila munthu wamoyo silikwililidwa lopanda kanthu. Amaikamo chipatso cha mvunguti, chija chachitali cholemela, chokulungidwa m'nsalu ngati munthu, pamodzi ndi chingwe chimene anamuyezela, kuti dzenje lilandile chake lisiye mwini dzina. Mnyamata wina anali atathyola kale chipatso chimodzi. Koma ili, anati, lakumbidwa la awili. Akaikamo chimodzi, mbali inayo idzatsala ikudikila, ndipo mvula isanathe idzapeza wake, kaya m'mudzi muno kaya kuchigwa. Anafunika kudziwa wachiwiliyo. Anatambasula dzanja kwa atate kupempha chingwe.

"Sindinayeze ine," atate anatelo.

Sanandiyang'ane. Anangoima pamenepo ndi chipewa chawo, munthu amene m'moyo wake wonse sanaphwanyepo lamulo limeneli, anthu achilendo akumuyang'ana ngati wogulitsa imfa. Ndinapita kuseli kwa mtengo, ndinamasula chingwe m'chiuno, n'kubwela nacho. Chinali chofunda ndi chonyowa. M'chiunomo chinasiya mzele wotupa umene ndinaumva masiku atatu.

A Eustace anachilandila ndi zala ziwili. Anauza anyamata awo kuti aimike malemu mowongoka. Kuchokela pa chidendene mpaka pamutu, mfundo yoyamba inakwana. Phewa ili mpaka ilo, yachiwili inakwana. Panatsala kachidutswa kakafupi kakulendewela, ndi mfundo yake kumapeto.

"Nanga aka n'ka ndani?"

Anakakweza m'mwamba n'kuyamba kuyenda nako pang'onopang'ono kutsogolo kwa anthu, akuyang'ana mapewa. Anati n'kakang'ono, si ka mwamuna. Mwina n'ka amake malemu, poti mayi ndi mwana sasiyana. Anthu ankabwelela m'mbuyo ngati wanyamula njoka. Mtsikana wina anabisa mapewa ake m'chitenje n'kuyamba kusisima. Nditaona kuti akulunjikadi kwa amayi a Febian, amene anali chikhalile pansi atafulatila, ndinapita kukaima kutsogolo kwa a Eustace n'kutembenuka, kuwapatsa msana.

Ndinamva mfundo imodzi ikukhudza phewa lamanzele, inayo lamanja. M'kankhalangomo munamveka anthu akutulutsa mpweya.

"Wadziyeza wekha, mwana wa a Daka," a Eustace anatelo. Nthabwala inali itawathela m'mawu. Anatuma mnyamata kukathyola chipatso chachiwili. Kenako anandiimika m'mphepete mwa dzenje, Febian mbali inayo, nati chatsala chinthu chimodzi. Woyeza munthu wamoyo ayenela kuliuza dzenje chimene ankafuna poyezapo, mokweza, kuti limve kuti sinali imfa. Likapanda kumva bwino, zipatso sizilandilidwa.

Ndinayang'ana pansi. Munali mozizila, munkanunkha mvula imene inali isanagwe. Kumbuyo kwanga kunali atate. Kunali mayi amene ndinkafuna adzakhale apongozi anga, amene ndinali ndisanawapatse ngakhale moni. Kunali mudzi wonse.

Ndinati ndinkafuna kuthandiza atate pa ntchito.

 Mbali ya Febian, pansi penipeni pa nsapato zake, dothi linang'ambika mwakachetechete n'kugumukila m'dzenje. Iye anabwelela phazi limodzi. Kutali, kumudzi kumene tinasiya Landilova, ndinamva kugogoda katatu, kapena unali mtima wanga, sindidziwa mpaka lelo. A Eustace anali chiimile ndi zipatso ziwili m'mikono ngati mapasa, akudikila.

"Perpetua," atate anatelo kumbuyo kwanga, motsitsa. "Matabwa a mfundo yachitatu ndinadula ndine. Nena."

Ndinakweza maso. Febian ankandiyang'ana, milomo ili yotseka monga anamulamulila, manja onunkha petulo aja ali m'mbali mwake. Ndinatenga chingwe m'manja mwa a Eustace, ndinachigwila pamwamba pa dzenje, ndipo mawu anga anatuluka aakulu kuposa mmene ndinkafunila.

"Sindinkafuna imfa ya munthu. Ndinadziyeza chifukwa ndifuna kugona pambali pake tili amoyo. Ndifuna andikwatile, anditenge kuchigwa mvula isanagwe. Febian, ndatopa kudikila."